Disiki Yomwe Inagona mu Firiji

Fakitale ya mapepala yomwe ankagwirako ntchito itatsekedwa, Marlys Engstrom anatsala ndi kamera ndi kompyuta yakale. Ali ndi zaka makumi asanu, ankagona m'chipinda chapansi kwa mng'ono wake mumzinda wa Duluth.

Ntchito yake yoyamba yojambula inali ukwati wa mtsikana wina dzina lake Tessa. Asanapereke zithunzi, bambo ake a Tessa anamwalira. Sabata yomweyo disiki ya kompyuta inayamba kulira kuti tike tike, Windows osayakanso. Zithunzi zonse zinali m'menemo, ndipo za mu kamera anali atafufuta kale.

"Iikeni mu firiji igone, imadzuka," anatero Duane, mlamu wake. "Anyamata a kugalaja amatero."

Marlys anaikulunga m'pulasitiki n'kuiika pakati pa nyama ya gwape. Inatuluka ili ndi chinyezi, ikulira kuposa kale.

"Alamu, mwandiphera disiki."

"Koma nyama ili bwinobwino," anayankha Duane.

Marlys sanaiyatsenso tsiku limenelo. Anapita ku laibulale kukawerenga, ndipo anamva kuti disiki yodwala saikakamiza. Anaika Linux, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta, pa fulashi n'kumayatsira kompyuta pamenepo, kuti disiki ipume. Linux anali asanaigwirepo, ndipo analakwitsa kambirimbiri. Kenako anapeza pulogalamu yomwe imakopera kaye zowerengeka, malo owonongeka n'kuwabwerera pambuyo. Disiki ikatentha, ankazimitsa n'kudikira.

Zithunzi zambiri zinapulumuka. Za keke ndi zovina zinatayika. Anaimbira Tessa n'kumuuza zonse osabisa.

"Za keke zisiyeni," anatero Tessa. "Adadi alipo pa zithunzizo?"

"Alipo. Akukugwira mkono pakhomo la tchalitchi."

Tessa anati, "Ndikubwera."

Patangopita masiku ochepa disiki ija inaferatu. Marlys anagula ina, n'kukhazikika pa Linux, ndipo chithunzi chilichonse anayamba kuchisunga pawiri. Anzake a Tessa anayamba kumuitana ku maukwati awo. Ena ankabwera ndi makompyuta olira. Lero ali ndi kashopu kake, ndipo Duane saloledwa kugwira kalikonse m'menemo.

Mwina nanunso china chake chikulira tike tike pa moyo wanu. Zina zitayika ndithu, zisakuimitseni. Yambani ndi zomwe zikutheka lero, zovuta muzibwerera. Mtima wokhawo musautaye.