Madontho a mkaka m'kapu ya pulasitiki

Ndikakumbukira Anachisale, amene tinayandikana nawo nyumba pa esiteti ina kufupi ndi Kamwendo, ndimamva fungo la fodya wamuwisi. Utomoni wa masamba unawadetsa zala, moti tsiku lomwe anafika ku chipinda cha makanda odwala, anamwino anawabweza katatu kuti akasambenso m'manja.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Amayi anali atachira mwana wamwamuna mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Inali nyengo yothyola fodya, bambo sakanachoka kuchigafa, choncho Anachisale ndiwo anapita kukadikirira amayi. Ine sankandilola kulowa, ndinkangosuzumira pawindo.

Mlongo wanga anagona m'kabokosi kagalasi, kachubu kali m'mphuno, nthiti zikuonekera akamapuma. Kuyamwa sankatha. Anamwino anati amayi azifinyira mkaka m'kapu, koma masiku awiri anatha osatuluka kanthu. M'mawa wa tsiku lachitatu, khanda la m'kabokosi koyandikana linatulutsidwa litafundidwa nsalu mpaka kumutu. Amayi anatuluka, anakhala pansi pakhonde n'kukankhira kapu kutali.

"Ndisiyeni, Anachisale. Ameneyu ndi mlendo, sakhalitsa."

Anachisale anatola kapuyo n'kuitsuka.

"Wanga anabadwira m'nyumba, kwathu ku Thyolo, wochepa ngati yemweyu," anatero. "Mkaka unali wochita kunyowetsa malaya, koma woti amwe anali atapita. Wanu akupuma. Gwirani kapu."

Ananyika chitenje m'madzi ofunda, anawathowa mabere, n'kuwaonetsa pogwira. Amayi ankalira osatulutsa mawu. Panapita nthawi yaitali, ine ndikungoyang'ana m'kapu youma ija. Kenako dontho lachikasu linagwa, patapita kanthawi linanso. Sanakwane ngakhale supuni, koma namwino anawakoka onse ndi sirinji n'kukathira m'kachubu kaja.

Patatha milungu itatu mwana anachoka m'kabokosi. Ankamumangirira pachifuwa cha amayi kuti azimva kutentha, ndipo amayi akatopa ankalandira Anachisale. Fodya atagulitsidwa, iwo anabwerera kwawo, ndipo sitinamvenso za iwo.

Lero mlongo wangayo amapalasa kabaza pa Kamwendo, ndi chimunthu chachitali. Nthawi zina amandifunsa kuti mayiwo ankaoneka bwanji. Chithunzi tilibe. Ndimangomuuza kuti anali aafupi, osasekaseka, ndiponso kuti iye anagona pachifuwa chawo masiku ambiri kuposa mwana wawo weniweni.