Sabata Yophika Phala

Pamsika wa ku Chegutu palibe amene angandigonjetse pokambirana mtengo. Ine ndinabadwa wochenjera kale. Koma dzulo fungo la phala lachiponde lopserera litandipeza pabenchi langa, ndinayamba kuseka ndekha ngati wamisala.

Ndinali kamwana, tikukhala kukomboni ya Battlefields. Amayi anati ndiyambe kupita kukireshi, sukulu yamkaka ija, kanyumba kamalata komwe azibambo apakomboni anamanga okha. Ine ndinakakamira mwendo wa tebulo, kuopa kukasiyidwa m'manja mwa anthu achilendo.

"Ndipita pokhapokha mukakhale nane komweko," ndinatero.

"Iwe, ine ndili ndi ntchito! Tsiku limodzi basi."

"Ayi, sabata yonse."

Amayi anagwira kumutu ngati ndawabera. "Wandipha, mwanawe. Chabwino, koma uzisamba osalira, ndipo nkhuni uzinyamula ndiwe."

Ndinavomera msangamsanga asanasinthe maganizo. Ndinayenda monyada mumsewu wafumbi, tinkhuni tikundikanda m'khosi, madzi ozizira akadali m'makutu.

Titafika, aphunzitsi anatuluka akupukuta manja. "Mwafika, mayi! Ndimada nkhawa kuti mwaiwala zoti sabata ino ndi yanu yophikira ana phala."

Ndinawayang'ana amayi. Anali atagwada kale pamafuwa, akupemerera moto, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Mwana wina anandikoka malaya kuti tikadumphe matayala opaka penti. Amayi, osacheuka n'komwe, anati, "Pitani mukasewere, bwana. Ine ndili pompano, monga tinagwirizana."

Inuyo mukuti pamenepa anapambana ndani?