Wowerenga Manja

Kuchipani amawatcha Achiwerengo, chifukwa pamsonkhano uliwonse ndi iwo amene amawerenga manja anthu akamavota. Kuchipatala, komwe akhala akukolopa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, alibe dzina n'komwe, amangoti "amayi a mopu aja". Amasaina kontirakiti ya miyezi itatu, ikatha n'kusainanso ina. Waganyu salandira penshoni, ndipo chaka chamawa iwo akwanitsa zaka zopumira ntchito.

Chipani chawo, chija chimadzitama kuti n'cha anthu ogwira ntchito, chinalonjeza kuti chikalowa m'boma aganyu onse adzalembedwa ntchito yokhazikika. Chinalowadi. Zaka zinayi zatha, lonjezo likadali m'kabati kudyedwa ndi mphemvu.

Loweruka lina nkhaniyi inafika pamsonkhano wa nthumwi. Phungu wina wachitsikana anadzambatuka pampando. "Lamulo la aganyuli lipite ku nyumba ya malamulo mwezi uno! Tikuopa ndani? Boma si lathu kodi?"

Anduna anamwetulira ngati munthu wokhuta. "Mwana wanga, kuthamanga si kufika. Eni makampani akatikwiyira, pachisankho tigwa chagada. Tidikire, tipambanenso kaye."

Tidikire! Mawu amenewa Achiwerengo anayamba kuwamva mano akadali onse mkamwa. Anatopa nawo, kutopa kofika m'mafupa.

"Amayi, tiwerengereni," anatero wapampando.

Mwambo wake ngwakuti wowerenga savota, pokhapokha mbali ziwiri zikafanana, apo ndiye amadula mlandu ndi iyeyo. Anayenda mzere ndi mzere, mawondo akulira, akuloza ndi pensulo. Ofuna lamulo lipite tsopano anakwana makumi anayi. Ofuna kudikira nawonso anafika makumi anayi, kenaka kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, panali mkulu wina wachipewa, maso ali pafoni, dzanja lili m'mwamba pang'ono chabe ngati akukanda khutu.

Achiwerengo anaima. Akanangomudumpha, voti yomaliza ikanakhala yawo. Ndipo akanaona ndani? Muholo monse munalibe wina wowerenga nawo, anthu anasiya kalekale kuwalondalonda. Koma iii, chizolowezi n'choipa, abale.

"Achimwene, dzanjali mwakweza kapena mukudzikanda?"

"Aa? Ee, ndakweza, ndakweza," anayankha mkuluyo, osadziwa n'komwe chomwe akuvotera.

"Odikira, makumi anayi ndi mmodzi," analengeza Achiwerengo.

Anthu anawomba m'manja. Anduna anabwera kudzawagwira chanza ndi manja awiri. "Amayi awa sanama. Chipani chimaima ndi anthu otere!"

Holo itatsala mbee, iwo anayamba kusanjikiza mipando, monga mwa masiku onse. Phungu wachitsikana uja anawapeza, maso ali psuu.

"Musadandaule, amayi. Chisankho chikangodutsa tidzalibweretsanso. Zaka ziwiri zokha."

Achiwerengo anamuyang'ana. Analibe naye mkwiyo, mphamvu yokwiyira inali itatha.

"Mudzawathandize anzanga, mwanawe. Ine pamenepo adzakhala atandilanda kale mopu. Tagwira mbali iyo ya tebulo, msana wanga sukulola."