Maliro a Mayi Amene Sitinawaone

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe ndinali khukhi pa nyumba ina yogona alendo ku Bulawayo. Mwini wake anali dona wamasiye, wolongolola koma wosasunga zinthu kukhosi. Alendo ambiri anali azungu a pa njanji, anthu a fodya ndi mowa, osavuta kuwamvetsa. Amene anandizunguza mutu ndi anyamata awiri ochokera ku Amereka, amene anatenga chipinda choyandikana ndi khitchini yanga.

Dona anati ndi amishoni. Ine amishoni ndinkawadziwa kwathu ku Dedza: anthu a ndevu, okhala ndi sukulu ndi belu. Awa analibe tchalitchi, analibe belu, ndevu zomwe zinali zisanamere bwino. Mmawa uliwonse ankavala masuti akuda, kunyamula timabuku, n'kumayenda khomo ndi khomo m'misewu yotakata ija dzuwa likuswa mtengo. Ankagogoda pa nyumba za azungu zokha. Ku Lokeshoni, kumene anthu akuda anzathu akadawayalira mphasa n'kuwamvetsera mpaka madzulo, sankapondako. Nditafunsa anati akuluakulu awo sanawatume kumeneko. Ankabwerako ali mbuu ndi fumbi, atawatsekera zitseko tsiku lonse, nthawi ina galu atang'amba buluku la mmodzi, koma akumwetulirabe.

Tiyi sankamwa. Sabata yoyamba ndinapsa mtima, ndimayesa akunyoza dzanja langa, mpaka dona anandiuza kuti mpingo wawo umaletsa. Komanso sankasiyana. Wina akapita kukameta tsitsi, mnzake ankakhala pa benchi kumudikira ngati wamuperekeza kuchipatala.

Wamkulu mwa awiriwo anali wamfupi, wouma nkhope, wokonda kuyang'ana wotchi. Wamng'onoyo anali wamtali, wa makutu ofiira, mwana wa mlimi. Ameneyu ndiye ndinkamukonda, chifukwa ankadya ngati munthu wochokera kumunda ndipo mbale yake sinkavuta kutsuka. Akaona ndikuwaza nkhuni ankandilanda nkhwangwa. Tinkacheza m'Chingerezi changa chothyokathyoka, iye n'kumaonjezera timawu ta Chilapalapa, chiyankhulo cha m'migodi, timene anatola mumsewu osadziwa kuti tina n'tamwano.

Kalata inafika Lachiwiri. Inali itayenda pa sitima ya pamadzi kupitirira mwezi, ndipo inkanena kuti mayi ake a mnyamata wamtaliyo anamwalira, anaikidwa kale. Ndinamva kwa dona, amene analowa m'khitchini akupukuta maso. Ndinavula epuloni, n'kuima pakhomo kudikira kulira kuti ndikalowe. Sikunamveke kanthu. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka, anyamata aja anatuluka ndi masuti awo ndi timabuku tawo, ulendo wokagogoda.

Ndinaima kukamwa kuli yasa. Ndinaganiza kuti mwina dona sanamve bwino, kapena womwalirayo ndi mayi womupeza. Madzulo ndinamupepesa wamtaliyo mmene ndinathera, iye n'kundigwira chanza akumwetulira. Anati mayi ake ali bwino, banja lawo linamangidwa kuti lisadzalekane ngakhale kumwamba, ndiye palibe chodandaula. Kumudzi sakanabwerera mpaka zaka za utumiki wake zitakwana. Mnzake uja anaonjeza kuti mankhwala a chisoni ndi ntchito. Inenso ndine Mkhristu, za kuuka kwa akufa ndimazidziwa, koma ndinali ndisanamvepo kuti kuukako kumaletsa misozi.

Pakamwa pake pankanena zimenezo, koma mbale yake inkandiuza zina. Inayamba kubwerera yodzaza. Ndinamukazingira mbatatesi mmene ankakondera, anangozitembenuza ndi foloko. Nkhuni anasiya kuwaza. Ankapukuta nsapato zake kawiri, katatu, zowala kale. Pofika sabata yachiwiri kolala ya malaya inkazungulira m'khosi mwake, ndipo ine ndinayamba kuopa kuti mwana wa eniakeyu adzagwera mumsewu, pakhomo la munthu amene sakumufuna n'komwe.

Ife Anyasa a ku Bulawayo tinali ndi mwambo wathu. Uthenga wa imfa ukabwera ndi kalata, tinkakhala maliro ngakhale mtembo uli kutali ndipo manda anauma kale. Munthu sitinkamusiya yekha ndi kalata m'manja. Loweruka ndinapita ku Lokeshoni kukafotokozera anzanga a bungwe lathu la maliro. Amuna anakangana. Wina anati azungu amalira m'njira yawo imene ife sitiiona, wina anati tikamangidwa chifukwa chosonkhana m'dera la azungu. Panali mayi wina wachikulire wa ku Ntcheu, mkazi wa wogwira ntchito pa njanji, amene ankatsogolera amayi pa maliro athu onse. Iwo anangofunsa ngati mwanayo akudya. Nditayankha kuti ayi, anati mawa ndiwadikire, ndipo mkangano unathera pomwepo.

Lamlungu masana dona ankapita kwa mchemwali wake. Anthu anga analowera ku kanjira ka kumbuyo, ochepa chabe. Amuna anakhala pa zipika za nkhuni, amayi pansi atatambalala, mipango kumutu, onse chete. Ndinakagogoda pa chipinda chija n'kunena kuti kunja kuli alendo a wamtaliyo.

Anatuluka ndi buku m'manja, mnzake ali pambuyo. Ataona anthuwo nkhope yake inawala koyamba chifikireni kalata ija, chifukwa ankayesa abwera kudzamva mawu. Anayang'ana mnzake, mnzakeyo anapukusa mutu n'kunong'ona kuti alibe chilolezo chophunzitsa anthu amenewa. Ndinawauza kuti sanabwere kudzaphunzira.

"Nanga akufuna chiyani?" anafunsa wamtaliyo.

"Adzakhala nanu, bwana wamng'ono."

"Mpaka liti?"

Funso limenelo kwathu palibe amalifunsa. Iye anatembenukira kwa anthuwo n'kuwathokoza mwaulemu, kawiri, monga amachitira munthu wofuna kuti alendo anyamuke. Palibe anasuntha. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Pamenepo ndinayamba kudzida, kuti mwina ndachititsa manyazi anthu anga ndi mnyamatayo pamodzi chifukwa cha kulowerera za eni.

Kenako mayi a ku Ntcheu aja anayamba kulira, chapansipansi, akugwedeza thupi. Amayi enawo anapolokezana nawo. Ankalira munthu amene sanamuonepo, amene dzina lake lomwe sankalidziwa, ndipo misozi inali yeniyeni. Makutu a mnyamatayo anafiira kuposa kale. Anandigwira mkono n'kufunsa zimene mayiwo akunena.

"Akufunsa amayi anu kuti mwana wawo amusiyira ndani m'dziko la eni," ndinatero. "Akuti amayi anu anapita osadziwa kuti mwana wawo waonda."

Mnyamatayo anandisiya mkono. Kenako anaika buku pa chipika n'kukhala pansi, pa fumbi, ndi suti yake yakuda. Kulira kwake sikunali kwa munthu wozolowera kulira. Kunkatuluka modukaduka ngati chifuwa, iye akuyesa kukubweza, mpaka mayi aja anasendera pafupi n'kumuika dzanja pamsana. "Lira, mwanangu," anatero m'Chinyanja, ndipo sanafune womasulira. Mnzake wamfupi uja anavula chipewa, n'kumayang'ana uku ndi uku ngati wasowa pomwe lamulo la zimenezi linalembedwa. Pomaliza nayenso anakhala pa chipika, pakati pa amuna.

Amayi anali atabweretsa thobwa m'chitini. Wamfupiyo analinunkhiza kaye, n'kundifunsa kawiri ngati silowawa, ndipo atakhutira anamupatsira mnzake. Wamtaliyo anamwa makapu atatu. Dzuwa lisanalowe anthu anga anamugwira chanza mmodzimmodzi, n'kutulukira kanjira komwe kaja dona asanabwere.

Ine ndinalowa m'khitchini mtima uli m'malo, ndikudziona ngati munthu wanzeru amene waphunzitsa mzungu umunthu. Ndikusenda anyezi, mnyamata uja anabwera n'kuima pakhomo, maso otupa, buluku lili mbuu. Anati sakudziwabe ngati walakwira chikhulupiriro chake kapena ayi, koma ali ndi njala. Ndinamuswera mazira anayi. Akudya anandifunsa, mongocheza, ngati amayi anga ali moyo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe. Ndinali nditachoka ku Dedza zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. Zaka ziwiri zoyamba ndinkalemba makalata, kenako ndinasintha ntchito, n'kumati ndidzalemba zinthu zikadzayenda bwino, ndipo kwathu panalibe amene ankadziwa nyumba imene ndinkagwirako. Kalata ngati yake ija ikanalembedwa, ikanasowa kofikira.

"Sindikudziwa, bwana wamng'ono," ndinatero.

Anasiya kutafuna. Anakoka mpando wina n'kuuika pafupi ndi wake, ndipo ine ndinakhalapo.