Munda Wobiriwira wa a Mamawa

Alamu anga, amuna a malemu achemwali, anthu amawatchula kuti a Mamawa chifukwa tambala amalira iwo ali kale kumunda. Ndi munthu wosadziwa kukhala pansi. Ngakhale pamaliro umawapeza akuzula udzu pafupi ndi mpando wawo. Zaka makumi atatu alima munda wa m'mbali mwa mtsinje ndi ng'ombe ziwiri zokoka pulawo, ndipo ng'ombezo ndiye zinkadyetsa iwo ndi zidzukulu zitatu zamasiye.

Chaka chatha mtsinje unasefukira chimanga chitafika m'chiuno. Madzi ataphwa m'minda munatsala mchenga ndi matope, ndipo ng'ombe imodzi inapita ndi madzi. Pawailesi analengeza kuti boma lipereka ndalama kwa alimi okhudzidwa, koma kubwera kaye anthu odzaona minda. Tsiku lake sanatchule.

Anzawo anapinda manja n'kumadikira. Alamu anapirira masiku anayi, lachisanu manja anayamba kuwayabwa. Ndinawauza ndi pakamwa pangapa kuti asakhudze mundawo mpaka abomawo auone, koma ukalankhula ndi alamu uli ngati ukulankhula ndi chitsa. Anati mvula sidikira galimoto ya boma. Anagulitsa njinga n'kugula mbewu, mchenga anaukokolola ndi fosholo, ng'ombe yotsalayo n'kuimanga pagoli ndi ina yobwereka.

Abomawo anatulukira patatha milungu isanu, mayi wa chipewa ndi bambo wojambula ndi foni. Kwa neba, munthu amene ulesi wake umadziwika mpaka kumsika, anapeza matope ali momwe madzi anawasiyira. Anajambula, namulemba. Kwa alamu anapeza mizere yowongoka ndi chimanga chobiriwira chofika m'mawondo.

"Bambo, inu ndiye mlimi," anatero mayi uja. "Koma fomuyi ikufuna chithunzi cha zowonongeka. Ndiye pano tijambula chiyani?"

Alamu anawalozera mtengo umene zinyalala za madzi zinali zidakali m'nthambi. Anayankhidwa kuti mtengo si mbewu. Atatchula za ng'ombe anafunsidwa komwe kuli mtembo wake, ngati kuti mtsinje umabweza zomwe watenga.

Kuofesi ya boma tinapita katatu kukadandaula, n'kumakhala pabenchi tsiku lonse kudikira kalaliki woyankha osadzutsa mutu. Ulendo wachitatu anatiuza kuti mndandanda unatumizidwa kale ndipo sautsegulanso. Ine ndinalalata mpaka mlonda anandigwira pamkono. Alamu anavula chipewa n'kuthokoza. Kuthokoza! Ndikakumbukira zimenezo mtima umandiwawa mpaka lero.

Chimanga chachiwiri chija sichinapite patali. Mvula inadula chikungoyamba kumasula, chinauma chiimirire. Neba analandira ndalama zake, ndipo njala itafika pachimake anabwera kudzafunsa mtengo wa ng'ombe yotsala ija. Ana anali atagona ndi njala masiku awiri. Alamu anamugulitsa, ndi pulawo yomwe.

Sabata yatha, mvula yoyamba itagwa, ndinawapeza m'munda wa neba akulima paganyu, ali pambuyo pa ng'ombe yomwe ija. Munda wawo uli tchire lokhalokha. Ndinawafunsa kuti nanga wanu mulima liti.

"Walonjeza kuti andibwereka akamaliza minda yake yonse, mlamu. Mwina mwezi wamawa."

Anakhwefula chingwe pakhosi pa ng'ombeyo chifukwa neba amamanga mothina, n'kupitiriza mzere.