Masiku Asanu ndi Awiri m'Chigafa cha Fodya

Banga loyamba ndinaliona Lachiwiri lina mu Januwale, ndikusamba kuti ndipite kusukulu. Linali pamkono wamanja, lotuwa, kukula kwake ngati chitsekero cha botolo. Silinkayabwa. Ndinalemba m'kabuku kanga kuti mwina ndi chipere, ndinapakapo mafuta n'kuiwala.

Pofika kumapeto kwa Febuluwale mabanga anali atatu. Chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho zinkachita dzanzi, ndipo cholembera chinkandipulumuka m'kalasi. Ndinali Fomu 3.

Sabata yomweyo, pa phunziro la Malemba, tinawerenga za mayi wina amene ananyoza mlongo wake, mneneri, chifukwa cha mkazi amene mneneriyo anakwatira. Mulungu anakwiya, mayiyo anagwidwa khate, anamutsekera kunja kwa msasa masiku asanu ndi awiri, kenako anachira. Pa Khirisimasi ndinali nditaseka alamu anga a Naphiri, akazi a achimwene, pamaso pa alendo, chifukwa analephera kuwerenga nyimbo m'buku. Ndinati achimwene anatola mbuli. A Naphiri anangotuluka kukatsuka mbale.

Sindinauze munthu aliyense. Ndinkavala juzi ngakhale dzuwa liswe mtengo. M'mawa uliwonse ndinkawerenga zala zanga, pokumbukira bambo wina wopemphetsa pa Msundwe amene manja ake anatsala zibakera zokha. Dzanja lamanja ndilo ndimalembera. Likatha, sukulu yatha.

Ndinaganiza zochita monga kunalembedwera. Ndinadikira tchuthi cha Pasaka, ndipo ndinauza amayi kuti ndizikhala m'chigafa, ndizisoka fodya ndi kuwerenga popanda phokoso. Anandiyamikira. Ndinatenga mphasa, mbale yangayanga ndi kapu, ndipo tsiku lililonse ndinkalemba kamzere pa nsanamira ndi khala. Ndinkapemphera mpaka mawu kusasa.

Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinavula juzi. Mabanga onse analipo, ndipo lina linali litatuluka pamsana pa dzanja.

Masana ake a Naphiri anabwera ndi mtolo wa masamba. Anaima n'kundiyang'ana.

"Alamu, magazi ali pafodyawa ndi a ndani?"

Singano yosokera inali italowa m'chala changa chaching'ono, ine osamva kanthu. Anandipinda mkono wa juzi, anaona mabanga aja, nati:

"Mawa tili kuchipatala ku Namitete. Mukakana ndikuberekani kumsana anthu akuona."

Tinafika kuchipatala dzuwa litangotuluka, koma mabenchi anali atadzaza kale. Anandiyeza pasikelo, analemba m'kabuku ka kuchipatala, tinadikira. Mayi amene anakhala pafupi nane atasuntha pang'ono kuti ayamwitse mwana, ndinaganiza kuti waona. Dzina langa linaitanidwa cha m'ma 11.

Adokotala anali bambo achikulire a imvi. Anandiuza kuti nditsinzine, ndipo akandikhudza ndi thonje ndiloze pamalopo. Patsaya ndinaloza. Paphewa ndinaloza. Kenako kunangoti zii. Nditatsegula maso ndinapeza thonje lili pabanga penipeni. Anandigwira kuseri kwa chigongono, nati mtsempha watupa.

"Mwana wanga, ili ndi khate. Limabwera ndi tizilombo, ndipo limachizika."

Ndinalira, ndipo ndinaulula zonse, za Khirisimasi ndi za chigafa, a Naphiri ali pomwepo. Adokotala sanaseke. Anati iwo ndi mkulu wa mpingo ndipo amakonda kuwerenga za akale.

"Zaka mazanamazana zapitazo," anatero, "kunali Ayuda ena, akatswiri a Malemba, amene ankati mawu ambiri ali ngati mtedza. Kunja makoko, chakudya mkati. Mmodzi wa iwo anali dokotala ngati ine. Iye ankaphunzitsa kuti ukawerenga za dzanja la Mulungu kapena mkwiyo wake, usaganize za zala ndi nkhope yofiira. Malemba amatilankhula m'chinenero cha anthu kuti timve. Ndipo khate la m'Malemba lija linkagwira ndi makoma a nyumba ndi zovala zomwe. Kodi juzi yakoyi yadwala?"

Ndinapukusa mutu.

"Eya. Lija linali chizindikiro chophunzitsa za lilime lonyoza. Lako ndi matenda, analowa m'thupi mwina usanayambe n'komwe sekondale. Iwe watafuna makoko sabata yathunthu, mtedza osaulawa."

Mankhwala oyamba ndinamwera pamaso pa anamwino. Anandichenjeza kuti mkodzo ufiira, ndipo madzulo ake unafiiradi. Anandipatsa mapilitsi a mwezi wonse, ndi ena a mtsempha, nati ndikangoyamba kumwa sindingapatsirenso munthu. Anaitanitsanso onse a pakhomo kuti akawaone. Palibe amene anapezeka nalo.

Mu minibasi pobwerera ndinapepesa. A Naphiri anaseka mpaka kondakitala anacheuka.

"Ndiye masiku onse aja munkapepesa nsanamira za chigafa, ine ndili poteropo ndikusenda chinangwa, eti?"

Ndinamwa mankhwala miyezi khumi ndi iwiri, ndipo mwezi uliwonse ndinkabwerera pa benchi lomwe lija. Khungu langa linada ndi kuuma, atsikana ena m'kalasi ankanong'onezana. Mu Ogasiti mabanga anatupa ndi kufiira, ndinaganiza kuti zonse zayambiranso. Ulendo uno ndinapita tsiku lomwelo. Anamwino anati zimachitika thupi likamalimbana ndi tizilombo takufa, ndipo anandiwonjezera mankhwala.

Ndinamaliza mu Epulo chaka chino. Mabanga azilala, zala zonse zisanu zilipo, ndipo ndikukonzekera mayeso a Fomu 4. Chala choyandikana ndi chaching'ono chinayambanso kumva. Chaching'ono sichimva mpaka lero, moti pophika ndimachiyang'anira ndi maso, ndipo madzulo ndimachiviika m'madzi n'kupaka mafuta. Adokotala anandiuza mosabisa kuti ndikanabwera mu Febuluwale chikanapulumuka.

Mnzanga, ukaona banga losayabwa ndiponso losamva kukhudza, pita kuchipatala sabata yomweyo. Ngati pali amene unamulakwira, mupepese, ndipo ngati n'kotheka akuperekeze ndi iyeyo. Kupemphera usasiye, ukapempherere pa benchi podikira dzina lako.