Lachinayi la Chrissie

Achemwali anga a Rukaya tinawaika m'manda Lachitatu. Anangogwa ali ku ntchito, akuti mtima. Ine sindinalire. Anthu amandigwira dzanja, ine ndimangoona milomo yawo ikuyenda.

Kuno ku America anabwera mu 2001, ine ndinachita kuwatsatira. Amasamala bambo wina wokalamba wachikuda ku Alexandria. Ndi bamboyo amene anawauza za amayi akale kuno, oti amathawa ukapolo, kenako n'kubwereranso kukatenga anzawo. Tsiku limenelo anafika ku nyumba ku Lanham osavula ndi nsapato zomwe.

"Iwe Jaffu, ukudziwa kuti makolo athu ena kwathu ku Mangochi ankagulitsa anthu?"

"Ndiye nditani ine, achemwali? Ndinalipo?"

"Uli ndi takisi, chitsiru iwe."

Mmene zinayambira ndi mmenemo. Kuli atsikana amene amatengedwa kumudzi ndi mabwana ena a ku ma embase, kudzagwira ntchito ya m'nyumba. Ena amakhala bwino. Ena pasipoti kulandidwa, foni ayi, kutuluka ayi. Koma zinyalala, bwana satulutsa yekha. Ndiye achemwali amamuuza mtsikana kuti zovala zako ika mu jumbo yakuda ya zinyalala, tuluka nayo ngati masiku onse, usathamange, pa kona pali takisi. Ine yanga inali kuyendetsa basi. Kumene amakawasiya, maloya, zonsezo amadziwa ndi iwowo.

Titachoka ku manda ndinakumbuka kuti mawa ndi tsiku lokatenga Chrissie. Mwana wa ku Chipata, anakumana ndi achemwali kamodzi kokha, pa sitolo. Njira yomuuzira kuti kwagwa zovuta panalibe. Akatuluka ndi jumbo ija osapeza munthu, ndiye kuti abwerere m'nyumba muja zovala zili m'manja.

M'mawa ndinapita. Sikuti ndinalimba mtima ayi, miyendo inangopita yokha. Ndinaima pa kona cha ku Massachusetts Avenue, pafupi ndi kwa bwana wake. Anatuluka, kamunthu kochepa, n'kulowa kumbuyo.

"Ankolo, anti ali kuti?"

"Tseka chitseko."

Tinayenda mpaka kudutsa maloboti angapo. Anafunsanso.

"Anamwalira. Tawaika dzulo."

Akuti, "Nanga ine ndipita kuti?"

Sindimadziwa. Ndinapita naye ku Lanham konko, kumene azimayi anali atakhala pansi pa siwa. Mayi Felistas, amene tinawatulutsa kale ndi takisi yomweyi, anangomuona n'kudziwa. Anasendera, n'kumupatsa mpango kuti afunde kumutu.

Chrissie anakhala pakati pawo, anayamba kulira mokweza, kulira munthu woti anamuona kamodzi. Amayi onse anayambiranso.

Ine ndinaima pa khomo kanthawi. Kenako ndinatsika kukasuntha galimoto, ndinali nditaimika polakwika.